Mayi Zipora ndi Ndege ya Lachinayi

Mukafika pamsika wa Mitundu n'kufunsa za mayi Zipora Nachisale, ena adzangokuyang'anani ngati mwasokera. Koma mukangonena kuti, "Ndikufuna amayi operekeza aja," ngakhale wogulitsa makala adzakulozerani ndi mlomo kumzere wa nyemba ndi mtedza. Kumeneko mukawapeza atakhala pandowa yovundikira, mayi wamfupi wa mawu oti akamanenerera mtengo amamveka mpaka kogulitsira mbuzi. Sanakhalepo khansala, sanakhalepo mkulu wa mpingo, ndipo sukulu anailekezera sitandade 7. Chimene timawadziwa nacho ife akuno n'chimodzi, ndipo timachinyadira: munthu akamachoka, iwo samusiya panjira.

Khalidweli anabwera nalo kuchokera kwawo ku Nathenje. Mayi awo anali ndi lamulo limene ana a m'nyumbamo ankaliona ngati nkhanza. Mlendo akatsanzika, mwana ankamusenzera katundu, ndipo sankaloledwa kubwerera pamtengo wa mango wa kumapeto kwa mudzi monga ankachitira ana a eni ake. "Ukabwerere pokhapokha wamupereka m'manja mwa munthu," ankatero mayiwo. "Kaya ndi kondakitala wa basi, kaya ndi mbale wake wodzamuchingamira. Ukamusiya yekha pamsewu, ameneyo sunamuperekeze, wamutaya." Choncho Zipora ali mtsikana anaperekeza odwala mpaka pakhomo la chipatala cha Nkhoma, anaperekeza ogula tomato mpaka atakwera matola, anaperekeza ngakhale alendo amene mayi ake ankasangalala kuti achoka.

Amuna awo, bambo Efulemu, amayendetsa lole yonyamula fodya kupita ku Kanengo, ndipo ali ndi nkhani yawoyawo ya mmene banjali linayambira. Amati anapita ku Nathenje kukatenga matumba a chimanga, namwaliyo n'kuwaperekeza, kuwaperekezabe, mpaka onse anazindikira kuti ku Mitundu kwayandikira kuposa kumene achokera, ndiye anangoti tiyeni basi. Mayi Zipora akamva zimenezi amati, "Bodza la madalaivala," n'kupitiriza kupeta nyemba zawo.

Zaka zimene achinyamata akuno anayamba kukhamukira ku Kepi kukagwira ntchito m'minda ya maluwa, m'makhitchini ndi m'nyumba za anthu, ankapita pabasi, ndipo kuwaperekeza kunkathera kudepoti m'tauni. Koma achinyamata amakwatira. Atsikana athu atayamba kukhala oyembekezera kumeneko, panabuka vuto limene basi sikanalithetsa. Mwana wamkazi akachira, mayi ake ayenera kukhala pomwepo: kumuthowa ndi madzi otentha, kumuphikira phala, kusambitsa khanda ndi kuyang'anira mchombo mpaka utagwa, mwana n'kutuluka m'chikuta. Ntchito imeneyi sitheka pafoni. Nanga mayi wachikulire wa miyendo yotupa angakhale pampando wa basi masiku onsewo, kudutsa malire a mayiko a eni?

Ndiye kunabwera ndege ya Lachinayi. Kampani ina inayamba kunyamuka pabwalo la ndege la ku Lumbadzi kamodzi pasabata n'kukatera ku Kepi komweko osaima pena paliponse. Kwa anthu ozolowera kuyenda inali ndege ngati ina iliyonse. Kwa mayi Zipora inali chinthu china: khomo limodzi lolowera kuno, khomo limodzi lotulukira uko, pakati pake popanda posokerera. Ukamulowetsa munthu kuno, kutsogoloko mwana wake amulandira, ndipo lamulo la ku Nathenje lakwanira bwinobwino.

Woyamba kukwera anali azakhali a bambo Efulemu a ku Malingunde. Achibale anakonza zoti apite ndi anthu awiri pa takisi. Mayi Zipora atamva anagwira pakamwa. "Munthu akutuluka m'dziko, inu mukumutulutsa ngati wakuba?" Anatsuka lole kuchotsa fungo la fodya, anayalamo mphasa, amayi anavala zitenje zofanana zachikasu, ndipo mudzi unakwera. Pabwalo la ndegelo pali khonde lapamwamba pamene operekeza amaima n'kumaona ndege ikunyamuka. Anthu a ku Mitundu anaima pamenepo n'kuimba mpaka ndegeyo inalowa m'mitambo.

Kuyambira pamenepo aliyense woitanidwa kuchikuta, kaya wa ku Mitundu, kaya wa kwawo ku Nathenje, ankayamba wadzera pakhomo pa mayi Zipora. Iwo ankayeza katundu pasikelo ya fodya n'kuchotsa ufa wopitirira, mwiniwake akudandaula. Ankapisa m'chikwama cha m'manja kutulutsa lezala, mpeni ndi botolo la thobwa. Kenako ankamukhazika pansi wapaulendoyo n'kumulangiza ngati namwali: lamba mumange ndipo musamasule mpaka atakuuzani, chakudya akakupatsani landirani n'chaulere, chimbudzi chilimo musadzizunze. "Musaope, amayi. Ndi basi yomweyi, kungoti kumwamba kulibe mabampu." Ankanena molimba mtima moti palibe anaganizapo zofunsa kuti iwowo anakwera liti. Anali asanakwerepo, ngakhale kuikhudza ndi dzanja.

Agogo aja akamabwerako patapita miyezi, lole yomweyo inkapita kukawachingamira. Ankatsika atavala majekete aakulu ndi zipewa zaubweya kunja kukutentha, akusimba za mphepo ya ku Kepi ndi phiri lophwatalala pamwamba. Mayi Zipora ankamvetsera zonse n'kuzisunga, moti patapita zaka ankaifotokoza Kepi bwino kuposa amene anapitako.

Panalinso nkhani ya nsapato. Anali ndi nsapato zakuda za kutchalitchi zimene ankavala popita ku Lumbadzi, zothina pang'ono pachala chaching'ono. Akabwerako sankazivula. Ankasesa nazo, kuphika nazo, kutsekera nazo nkhuku, mpaka foni italira kuchokera ku Kepi kuti, "Tawalandira." Apo m'pamene ankakhala pakhonde n'kuzivula, chifukwa kwa iwo ulendo unali utangotha kumene. Bambo Efulemu, amene nsapato zotseka anazivala komaliza tsiku la ukwati wawo ndipo lole amayendetsa ali ndi masilipasi, nkhaniyi sankaisiya. "Kodi ndegeyo imayendera nsapato zanuzo, Anachisale? Mukavula igwa?" Mayiwo ankangoyankha kuti iwo akadali panjira, avula akafika.

Mnzawo wa ponda apa m'pondepo anali mayi Rozina, oyandikana nawo nyumba. Mayi Rozina ndi amasiye, olimbika pakhasu kuposa amuna ambiri, koma sadziwa kuwerenga, ndipo khutu lawo lakumanzere linatseka kalekale. Mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, Maness, anakhala zaka zambiri m'banja ku Kepi wopanda mphatso, mpaka anthu anasiya kufunsa. Chaka chimenecho, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, Maness anaimba foni kuti ndi woyembekezera ndipo adzachira m'nyengo yotentha. Mayi Rozina analira ndi chimwemwe, kenako anakagula chitenje chatsopano cha mbereko n'kuchiika pansi penipeni pa sutikesi. Pasipoti yawo inatuluka, ndipo chinangotsala ndi kudikira.

Posakhalitsa Maness yemweyo anaimbanso, mawu ali otsika. Kampani yalengeza kuti ndege ya Lachinayi itha mwezi wa Ogasiti ukamatha, masiku ake ochira akadali kutali. Opita ku Kepi azikatsikira ku Joni, azikadinditsa pasipoti kumeneko, kutenga katundu wawo, n'kukafunafuna okha ndege ina m'chibwalo chachikulu ngati tauni. Chifukwa chake, akuti, anthu a ku Lilongwe ndi ochepa.

"Ochepa?" anatero mayi Zipora. "Ife?"

Mawu amenewo anawalasa pamtima, iwo amene ankaona ndi maso awo khonde litadzaza Lachinayi lililonse. Anaganiza kuti mabwana a kampaniyo amangokhala m'maofesi osasuzumira kunja, ndiye akungofunika kuonetsedwa. Sabata imeneyo sanagulitse nyemba. Anayenda m'mipingo, m'magulu a banki mkhonde ndi pamijigo, anakwera minibasi kupita ku Nathenje, ndipo uthenga unafika mpaka ku Diamphwe ndi ku Malingunde. Uthengawo unali waufupi: akuti ndife ochepa, tiyeni akatione.

Wapaulendo wakuno Lachinayi limenelo anali mmodzi yekha, gogo wina wa kuseri kwa phiri la Bunda, amene anadabwa kuona malole ndi maminibasi ali mumzere kumuperekeza iyeyo. Khonde linadzaza mpaka ena anatsala pamasitepe. Nyimbo itayamba, ngakhale onyamula katundu pansi paja anaima n'kuyang'ana kumwamba. Mayi Zipora anali kutsogolo, atatukumuka ngati nkhukundembo, ndipo anatumiza mawu kuti akufuna wamkulu wa kampaniyo.

Kunabwera mayi wachitsikana wovala yunifolomu, dzina lake, Mercy, litalembedwa pachifuwa. Anapereka moni mwaulemu, atapinda bondo pang'ono.

"Mwana wanga," anayamba mayi Zipora, "akuti mukuchotsa ndege chifukwa anthu ndi ochepa. Tawerengani nokha. Mukatopa mundiuze ndikuthandizeni."

Mercy anayang'ana khamulo, kenako anayang'ana pansi. Zinkaoneka kuti akufunafuna mawu osapweteka. "Amayi, tabwerani muone kuno." Anawatengera kumapeto kwa khonde n'kuloza pansi, pamene apaulendo ankayenda kulowera kundege. Kanali kamzere kochepa, koti kangakwane m'minibasi ziwiri. "Kampani imawerenga awo. Imawerenga mipando imene yakhalidwa. Inu nonse muli pano, ngakhale mutabwera ndi Mitundu yonse, kwa iwo simuoneka."

"Sitioneka? Kodi munthu amakwera ndege yekha? Aliyense wa pamzerepo ali ndi mudzi kumbuyo kwake."

"Ndikudziwa, amayi. Inenso kwathu ndi ku Diamphwe, ndipo ndege imeneyi ikachoka, ntchito ya ena mwa ife ichoka nayo. Koma mafuta imamwa chimodzimodzi, idzaze isadzaze. Disembala imadzaza, miyezi yotsalayi imauluka ndi mphepo. Amalonda ndi a m'maofesi safuna kudikira Lachinayi, amadzera ku Joni chifukwa yakumeneko ndi ya tsiku lililonse."

"Amenewo amadziwa kuwerenga zikwangwani, ndege yawo aipeza kulikonse. Nanga wosadziwa kuwerenga, amene mwana wake akuchira, mwamuika mbali iti? Ndege si ya okwera kawirikawiri okha, mwana wanga. Ndi yawonso amene adzakwere kamodzi pamoyo wawo, pa chinthu chosadikira." Apa anatembenuka kufuna mboni. "Abambo, tawauzani. Inu mumausiya msewu wa ku Mitundu chifukwa anthu achepa?"

Bambo Efulemu anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Ndi munthu wanthabwala, koma kunama pamaso pa gulu sangathe. "Kunena zoona, Anachisale, lole ikakhala yopanda katundu ndimaimika. Dizilo sadziwa chibale."

Ulendo wobwerera unali wa zii. Mayi Zipora anakana kukhala kutsogolo ndi amuna awo, anakakhala kumbuyo pamphasa. Manyazi anawagwira, chifukwa anasiyitsa anthu ntchito zawo pa chinthu chimene iwo eni ake sanachimvetse. Bambo Efulemu anadya ndiwo zopanda mchere sabata yonse, ndipo sanadandaule.

Nkhaniyi inakhala m'kamwam'kamwa pa Mitundu. Aphunzitsi ena ankati kampani sinalakwe, chifukwa ngakhale minibasi situluka m'depoti isanadzaze, ndipo kusonkhanitsa anthu pabwalo limodzi lalikulu kumatsitsa mtengo wa tikiti. Ena ankati n'zochititsa manyazi kuti munthu wochoka ku likulu la dziko lake ayambe wakagwada m'tauni ya eni asanafike kumene akupita. Mayi Zipora maganizo awo sanasinthe, ndipo mpaka lero sanasinthe: amati kampani yowerenga mipando yokha ikudziwa kulemera kwa nyemba koma sidziwa amene akukazidya. Ambirife tili kumbali yawo, ngakhale tikudziwa kuti za dizilo zija n'zoona. Ogasiti anatha, ndipo ndege ya Lachinayi inapita osabweranso.

Maness anayesa njira zina. Anati pabwalo la ku Joni pali anthu othandiza okalamba, amawakhazika panjinga ya olumala n'kuwakankha mpaka pandege ina. Mayi Rozina anakana kwamtuwagalu. "Ine wolima ndekha munda wonse uja andikankhe pampando ngati mtolo? Wondikankhayo akandifunsa kanthu m'chilankhulo chake, ndimva ndi khutu liti? Akandisiya pakona n'kundiiwala, ndiitana dzina la ndani?" Za basi adokotala anali ataletsa kale chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Tsiku lina mayi Zipora anawapeza anzawo akutulutsa zinthu m'sutikesi. Ufa wa phala anali ataubwezera m'chidebe, nsinjiro ataiika pambali. Chitenje cha mbereko chokha anachigwira m'manja nthawi yaitali.

"Mukamva wina wopita, Anachisale, mudzamupatsire ichi," anatero. "Mwanayo adzasambitsidwa ndi anzake a Maness akumeneko. Nanga ndichite bwanji."

Mayi Zipora sanalandire chitenjecho. Anakhala pamphasa mtima ukuwawa. Anazindikira kuti zaka zonsezi ankadzitama kuti sataya munthu panjira, pamene theka la ntchitoyo inkawagwirira ndi ndege ya Lachinayi. Tsopano pakati pa dzanja lawo ndi dzanja la Maness panatseguka mpata, ndipo mayi awo sananenepo kuti mpata ukakula woperekeza abwerere.

"Bwezerani ufawo m'sutikesi, amake Maness," anatero mokweza kuti khutu labwino limve. "Ndikakusiyani m'manja mwa mwana wanu."

"Inu? Mpaka ku Kepi?"

"Nanga kuperekeza kumathera pati?"

Apa tinene poyera: mayi Zipora ankaiopa ndege koopsa. Kuiona ikunyamuka uli pakhonde n'kwina, kulowamo n'kwinanso. Atawauza amuna awo madzulo ake, bambo Efulemu anati mwaulemu kwambiri, "Musaope, amayi. Ndi basi yomweyi, kungoti kumwamba kulibe mabampu." Anathawira panja mthiko usanawapeze.

Za tikiti mayi Zipora sanavutike nazo. Maness ataika nkhaniyi pagulu la pafoni la anthu akuno okhala ku Kepi, onse amene amayi awo anadutsa pasikelo ya fodya ija anaimirira. Wina analemba kuti, "Amenewo anatibweretsera amayi athu, abwere tidzawaone." Pasipoti yokha ndi imene inawayendetsa maulendo m'tauni, ndipo pamene inkatuluka, masiku a Maness anali atayandikira.

Tsiku la ulendo malole anadzaza popanda wowamemeza. Amayi anavala zitenje zachikasu zija. Katundu wa mayi Zipora anayezedwa pasikelo yawo yomwe, ndipo anzawo anasangalala kwambiri kuwachotsera mtedza wopitirira ndi kuwalanda kampeni kosendera mbatata kamene anakaiwala m'chikwama. Aliyense ankafuna kuwalangiza za lamba.

Atatuluka khomo lomaliza kuyenda kupita kundege, anatembenuka kuyang'ana khonde limene anaimapo zaka zonsezo. Anadabwa. Nkhope sizinkaoneka, ndipo nyimbo sinkamveka ngakhale pang'ono chifukwa cha phokoso la injini. Ndiye kuti onse amene anawaimbira mpaka mawu kusasa sanamvepo kanthu. Chinkaoneka ndi mzere wachikasu basi, ukupendekera uku ndi uku nthawi imodzi. Koma kapendekedwe kakeko anakazindikira, anadziwa nyimbo imene ikuimbidwa ndi pamene yafika, ndipo misozi inatsika yokha. Anaimba nawo chapansipansi mpaka pamasitepe a ndege.

Za m'mwambamo sakonda kufotokoza. Mayi Rozina ndi amene amaulula kuti mabampu aliko, ndiponso kuti pabampu loyamba mlangizi uja anawagwira mkono mpaka zikhadabo kusiya zizindikiro, akutchula mayina a ana ake onse ndi la Ambuye pakati.

Ku Joni anapeza zimene ankaopa zija, mwinanso kuposa. Makonde aatali osatha, zikwangwani pamwamba pa zikwangwani, anthu othamanga osayang'ana mnzawo, ndi zolengeza zimene ngakhale wa makutu awiri sakanazitola. Mayi Zipora anamanga nsonga ya chitenje chawo ku nsonga ya chitenje cha mayi Rozina, mfundo yolimba. Kenako anatsegula pakamwa. Chizungu chawo cha sitandade 7 chinali chochepa, koma manyazi analibe. Aliyense wa yunifolomu ankamuimika, kumuonetsa tikiti n'kunena kuti "Kepi," ndipo akawalozera, ankafunsanso wina patsogolo kuti atsimikize. Anadinditsa mapasipoti, anadikira masutikesi palamba wozungulira, anakawaperekanso kwina. Pamasitepe oyenda okha mayi Rozina anaima nji, ndiye anazungulira mpaka anapeza masitepe a anthu.

Atakhala pamalo odikirira ndege yachiwiri, anaona anthu akunyamuka mmodzimmodzi kulowera kwina. Mayi Rozina anali atayamba kusinza, osamva chilichonse. Mayi Zipora nawonso sanamve zimene zinalengezedwa, koma kukhala chete si khalidwe lawo. Anaimika mtsikana wina n'kumufunsa, ndipo anauzidwa kuti ndege ya ku Kepi aisintha khomo, ili kumapeto ena a chinyumbacho. Anakoka chitenje. Anathamanga amayi awiri a ku Mitundu, omangana ngati mbuzi zopita kumsika, nsapato yothina ija ikuluma chala. Atafika, wa pakhomo anali akuyang'ana kale uku ndi uku kufuna otsalira. Atakhazikika pampando, mayi Rozina anafunsa kuti, "Ndikanakhala ndekha paja, bwenzi zitatha bwanji?" Anzawo anangokoka mfundo ija kuona ngati ikadali yolimba.

Anatera ku Kepi dzuwa likulowa. Khomo lagalasi litatseguka, panali kagulu ka anthu akwathu, ena atanyamula ana amene anasambitsidwa ndi agogo odzera pa Lachinayi. Kutsogolo kunaima Maness, dzanja lili m'chiuno chifukwa cha kulemedwa. Amayi anayamba nthungululu, koma mayi Zipora sanayang'ane aliyense. Anayenda mpaka pamene panali Maness, anatenga dzanja la mayi Rozina n'kuliika m'dzanja la mwana wawo. Kenako anawerama n'kumasula mfundo ija ndi mano, chifukwa inali itakhwima.

"Amayi ako ndi awa, Maness. Ndakupatsa."

Maness anangoika mutu paphewa la mayi ake n'kulira, mayi Rozina akumusisita pamsana.

Asanakwere galimoto, mayi Zipora anapempha foni. Inangoitana kamodzi.

"Mwafika?" Anali mawu a bambo Efulemu, ndipo kumbuyo kwawo kunkamveka anthu ambiri akuuzana kuti akhale chete.

"Tafika. Ndawapereka m'manja."

Kunamveka phokoso la mudzi wonse. Litatsika, bambo Efulemu anatsokomola pang'ono. "Nanga inuyo, Anachisale? Wakulandirani ndani?"

Mayi Zipora anayang'ana anthu amene anawazungulira, wina atawalanda kale chikwama, wina atawagwira paphewa, wina akuwaonetsa mwana. Mtima wawo unadzaza. "Andilandira ambiri, abambo. Akuchita kulimbirana."

"Chabwino," anatero bamboyo. "Ndiye ndivule tsopano? Nsapato za ukwatizi zandidya zala kuyambira m'mawa."